Ukadzafa adzakuika ndani? Wosapembedza akhale ndi yankho asanadziulule

Akonzi,

Tiloleni tilankhule kudzera pa tsamba lanu la makalata ndi Amalawi amene sakhulupirira kuti kuli Mulungu, komanso ndi makolo, amalume ndi anansi awo amene akangomva nkhaniyi mtima umagunda. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti anthu 2.1 pa 100 aliwonse m'dziko muno alibe chipembedzo. Pa anthu oposa 17.5 miliyoni amene adawerengedwa, amenewa ndi anthu opitirira 360,000. Si onse amene amakana zoti kuli Mulungu, ena adangotopa ndi mipingo. Koma tikumbukirenso kuti wakalembera akafika pakhomo amafunsa munthu mmodzi, kawirikawiri mwini khomo, ndiye mnyamata amene adaleka kukhulupirira kalekale amalembedwa mpingo wa bambo ake. Anthuwa alipo. Akuphunzitsa m'sukulu zathu, akuyendetsa minibasi, ena akuimba kwaya sabata ndi sabata ndi pakamwa pokha.

Munthu wotere akangoyerekeza kunena zakukhosi, funso loyamba limene amalandira ndi lakuti, "Nanga ukadzafa adzakuika ndani?" Achinyamata ambiri amalimva ngati chiopsezo, amaliseka. Ife tikuti asaliseke. Ndi funso lenileni, ndipo amene akufuna kukhala poyera ayenera kukhala ndi yankho lake asanatsegule pakamwa. Kuno kwathu mpingo si chiphunzitso chokha. Mwana akagonekedwa m'chipatala, amene amabwera ndi phala ndi amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika kapena a kumphakati. Zovuta zikagwa, ndi iwowo amene amafika ndi ufa ndi nkhuni n'kuchezera m'siwa mpaka mbandakucha. Kalata ya umboni yofunsira ntchito kapena malo a sukulu amalemba ndi abusa kapena shehe. Wotuluka mumpingo amatuluka m'zonsezi tsiku limodzi, ndipo ambiri amazindikira tsoka litafika kale pakhomo.

Za malamulo tinene mwachidule, chifukwa n'zomveka. Gawo 33 la Malamulo Aakulu a dziko lino a mu 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo. Gawo 32 limati aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi anzake m'gulu, ndipo palibe amene angakakamizidwe kukhala m'gulu lililonse. Gawo 20 limaletsa tsankho. Dziko lathu silidalengezedwe kuti ndi la chipembedzo chimodzi monga adachitira a Frederick Chiluba ku Zambia mu 1991. Tikudziwanso kumene kukakamiza chikumbumtima kudatifikitsa: a Mboni za Yehova adaletsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993, nyumba zawo zidatenthedwa, zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba lidalamula kuti ana a chi Rasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopota. Ufulu umene udateteza anawo ndi womwewo umene umateteza wosapembedza. Ngakhale m'khoti, mboni imene sikufuna kugwira Baibulo kapena Korani ikhoza kungotsimikiza kuti inena zoona, ndipo umboni wake umalandiridwa chimodzimodzi. Mboniyo ingouza kalaliki wa khoti isanayambe kupereka umboni.

Malire alipo. Gawo 130 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, limati kulankhula kapena kulemba mawu ndi cholinga chopweteka mtima wa wina pa chipembedzo chake ndi mlandu, ndipo munthu angakhale m'ndende mpaka chaka. Lamulo la mu 2016 la zochitika pa intaneti nalonso limagwira olemba zonyoza. Ife tikuona kuti gawo 130 ndi chotsalira cha atsamunda ndipo aphungu ayenera kulichotsa, koma lero lilipo. Kunena kuti "ine sindikhulupirira, ndipo zifukwa zanga ndi izi" si mlandu. Kufalitsa chithunzi chonyoza mneneri kapena buku lopatulika la anzanu n'kuputa mavu. Ku Nigeria, Mubarak Bala, amene ankatsogolera bungwe la osapembedza, adamangidwa mu 2020 ndipo mu 2022 khoti la ku Kano lidamugamula zaka 24 chifukwa cha zimene adalemba pa Facebook, ngakhale khoti la apilo lidadzachepetsa chilangocho. Kuno si ku Kano, koma cholembedwa pa foni sichifufutika, wina amakhala wachijambula kale.

Si aliyense amene ayenera kudziulula lero. Wophunzira amene fizi yake akulipira ndi bambo amene ndi mkulu wa mpingo, kapena amene ali pa thandizo la mpingo, adikire amalize. Wogona m'nyumba ya achimwene, mphunzitsi kapena namwino wa pamishoni amene ngakhale nyumba yake ndi ya mishoni, mayi amene alibe kobiri lakelake, wogulitsa pamsika amene makasitomala ake ndi a mpingo wake womwewo, onsewa ayambe akonza pogwira. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limaletsa kusala wantchito chifukwa cha chipembedzo kapena maganizo ake, ndipo wochotsedwa angathe kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, n'kufika ku khoti la milandu ya ntchito. Koma bwana wochenjera salemba chifukwa chenicheni pa kalata. Amangosiya kontrakiti ithe osaionjezera, ndipo mlandu ungatenge zaka pamene alandilodi akufuna lendi mwezi uno. Pogwira pamene tikunenapo ndi apa: chiphaso cha unzika, masatifiketi a sukulu ndi makalata a malo zikhale m'manja mwanu, osati m'sutikesi ya amayi. Akaunti ya ku banki kapena nambala yosungira ndalama ikhale m'dzina lanu. Mukhale ndi ndalama ya lendi ndi chakudya ya miyezi itatu. Mudziwenso khomo limodzi limene mungagogode usiku zinthu zitavuta. Kukhala chete pamene mukukonza izi si bodza, si mantha. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Mumpingo tulukani mwadongosolo. Yambani ndi kutula maudindo. Ngati munali msungichuma wa kwaya kapena wa achinyamata, perekani buku ndi ndalama pamaso pa anthu awiri, asayine, inu musunge pepala lanu. Tikunena izi chifukwa munthu akachoka anthu amasaka chifukwa, ndipo zifukwa zimene zimabwera msanga pakamwa ndi ziwiri: wadya ndalama, kapena wachimwitsa mwana wa eni. Akuluampingo adzabwera kudzakuyenderani. Apatseni mpando, athokozeni, auzeni mwaulemu kuti simukhalanso mumpingo. Akakuitanirani ku bwalo la mpingo, palibe lamulo lokukakamizani kupita.

Pouza a pabanja ndi pamene ambiri amalakwitsa. Osanena pamaliro, paukwati, pa Khrisimasi kapena pa Idi, pamene abale adzaza pakhomo ndipo aliyense akufuna kuonetsa kuti wakhumudwa kuposa mnzake. Osanena muli pakati pa mkangano wina, chifukwa zidzamveka ngati chipongwe. Osayamba ndi Facebook. Mayi akamva kwa anzawo kuchigayo kuti mwana wawo walemba zotere, manyaziwo amawapweteka kuposa nkhani yeniyeniyo. Sankhani munthu mmodzi wofatsa amene mawu ake amamveka pabanja, kaya amalume, azakhali kapena achemwali aakulu. Pitani kwawo masana, tengani kashuga monga mwa nthawi zonse, dikirani moni ndi nkhani za kumunda zithe.

Makolo akamva nkhaniyi saganiza za mmene dziko lidayambira. Amaopa kuti mwalowa zasataniki kapena mwakhwimira chuma. Amaopa kuti muyamba kuledzera n'kutaya banja. Amaopa zimene anthu anene kumpingo. Ndipo amaopa ndi mtima wonse kuti mukapsa kumoto. Mantha omalizawa ndi chikondi, musawaseke. Mawu anu ayankhe mantha amenewa, ndipo akhale ochepa: "Amalume, ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa anthu. Ine sindikhulupiriranso za Mulungu. Sindidalowe gulu lililonse lachinsinsi, ndipo Satana amene anthu amanenayo sindikhulupiriranso kuti aliko. Ndine mwana wanu yemwe uja. Kumaliro ndizipita, amayi ndiziwathandiza monga kale, ndipo pemphero lanu sindidzalinyoza." Mukatero khalani chete. Asiyeni alankhule, ngakhale akalipe, ngakhale alire. Akakufunsani chifukwa, nenani chimodzi, n'kuwauza kuti zina mudzakambirana tsiku lina. Amene amapita ndi mndandanda wa mavesi otsutsana amawagonjetsa amalume pakamwa, koma akadzabweranso amapeza chitseko chotseka. Ndipo musayembekezere kuti zitha tsiku limodzi. Banja limakwiya miyezi, kenaka limaona ngati mukutumizabe ndalama ya feteleza, ngati mudafika pamaliro a azakhali, ngati ana anu akudya. Pamenepo ndi pamene limagamula.

Zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku muzikonzeretu mumtima. Pa pemphero la chakudya khalani chete, dikirani, osayamba kutema nsima ena atatsinzina. Akakupemphani kuti mutsegule ndi pemphero, kaya pakhomo kaya pamsonkhano wa kuntchito, ingonenani kuti "apemphere anzathu", osafotokoza zambiri. Banja lingathe kubwera ndi mneneri kuti akutulutseni ziwanda. Kupemphereredwa pakhomo mukhoza kulola ngati mtima wanu ukulola, sikukuchotserani kanthu. Koma kanani kutengeredwa kuphiri kapena kukagonekedwa kwa mneneri, kanani kusala kudya mokakamizidwa, kanani kumwa kapena kutemeredwa chinthu chimene simukuchidziwa. Kutsekera munthu wamkulu m'nyumba, kumumanga kapena kumumenya ndi mlandu ngakhale ochitawo ndi abale, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo a m'banja.

Amene ali pachibwenzi anene ankhoswe asanakumane, osati ukwati utalengezedwa kale kutchalitchi. Lamulo la maukwati la mu 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC ndi wachikhalidwe chimodzimodzi ndi wa kumpingo, choncho wosapembedza sakusowa njira yokwatira kapena kukwatiwa. Chovuta ndi ana: ubatizo, Sande sukulu, madrasa. Izi zikambidwe mimba isanabwere. Kwa amene ali kale pabanja, kumbukirani kuti mnzanuyo adakwatirana ndi munthu wopemphera, kusinthaku sadakusankhe. Musamuletse kutchalitchi, musamutonze chifukwa cha chakhumi chimene akupereka pa ndalama yake.

Tsopano chinthu chimene chingaphetse munthu. Kwa Amalawi ambiri, wosakhulupirira Mulungu ndi wasataniki ndi munthu mmodzi, ndipo wasataniki ndi mfiti amayendera limodzi. Mphekesera zotere kuno zimathera pa miyala ndi petulo. Mu Januwale 2016 ku Neno agogo anayi adaphedwa powaganizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu okwiya. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma gulu likakwiya silifunsa lamulo. N'chifukwa chake wosapembedza wa kumudzi kapena wa m'makwalala othinana a m'tauni ayenera kukhala munthu wooneka. Azipezeka pamaliro, pa chitukuko cha njerwa za sukulu, pokonza mjigo. Amfumu amve kwa iye mwini kuti sapemphera koma salinso m'gulu lachinsinsi. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi amene bizinesi yake ikuyenda bwino, sacheza ndi anansi, ndipo pakhomo pake pangochitika maliro a mwana. Kwa inu abusa, mashehe ndi mafumu tili ndi pempho limodzi: tsutsanani nafe mmene mungathere, koma musanene paguwa kapena pabwalo kuti wosapembedza ndi wasataniki. Mukudziwa kuti si zoona, ndipo mawu anu akatuluka simungathe kuwabweza gulu likatola miyala.

Nanga anzanu mungawapeze kuti? Alipo amene adayamba kale kuyenda njirayi poyera. A George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism adadziwika pomenyera nkhondo agogo amene adamangidwa pa milandu ya ufiti, mpaka ena adatulutsidwa m'ndende. Lero kuli Humanists Malawi, bungwe la osapembedza, ndipo a Wonderful Mkhutche amalankhula pa wailesi ndi m'nyuzipepala m'dzina la bungweli. Kuwalembera ndi poyambira pabwino, chifukwa angadziwe ngati m'boma lanu muli wina. M'sukulu zaukachenjede za ku Zomba, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu simusowa ophunzira a maganizo otere. Kumalo ena muyenera kutchera khutu. Nkhani ya ufiti kapena ya mneneri wochiritsa ikabuka mu ofesi kapena pa bawo, onani amene akufunsa kuti "umboni wake uli kuti?" Muyandikireni payekha, mufunseni za nkhani yomweyo, osathamangira kudziulula. Ena amene mudzawapeze ndi okhulupirira amene amangodana ndi chinyengo. Amenewonso asungeni, ndi abwenzi ofunika.

Ambiri amakumana pa foni, ndipo apa mpamene pamagwa ngozi zosayembekezeka. Pa gulu la WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake. Masimu khadi athu adalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho munthu akangotumiza K100 ku nambala yanu pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga wotsimikiza umamubweretsera dzina lanu lonse, ngakhale pagulupo mumadzitcha dzina lina. Pa Telegram ndi Signal nambala imatheka kubisika, ndipo kwa amene sadadziulule n'kwabwinoko. Pa Facebook, gulu lotsekedwa limabisa zolembedwa kwa anthu akunja, koma amene ali mkati amaona mayina a anzawo, ndipo msuweni wanu akhoza kulowa mawa. Foni yobwerekana m'nyumba ndiyo imaulula anthu ambiri: mwana wabwereka kuti aonere kanema, uthenga wa gulu n'kutulukira pamwamba. Zimitsani zoonetsa mauthenga foni ili yokhoma. Oyang'anira gulu asamwaze linki poyera. Watsopano alowe pobweretsedwa ndi membala amene akumudziwa, kapena atalankhulana ndi woyang'anira pa foni. Lamulo loyamba la gulu likhale lakuti wojambula zokambirana n'kuzitumiza kunja achotsedwe tsiku lomwelo, ndipo palibe woulula mnzake kwa wina aliyense, ngakhale kwa mkazi wake. Chenjeraninso ndi akathyali amene amalonjeza chuma, sukulu yakunja kapena thandizo la azungu mukalipira ndalama yolembetsera. Gulu loona la osapembedza silikulonjezani chuma ndipo silikulumbiritsani.

Kukumana koyamba ndi munthu wa pa foni kukhale masana, pamalo a anthu ambiri monga lesitilanti kapena pabwalo la mpira, ndipo a gulu apite awiri. Wina wodalirika adziwe kumene mwapita. Misonkhano ya gulu nayonso ikhale masana, pakhonde kapena pansi pa mtengo, osati usiku m'nyumba yotseka makatani. Anthu asanu ndi atatu osadziwika akamalowa m'nyumba imodzi madzulo aliwonse Loweruka, osamveka kuimba kapena kupemphera, anansi adzadzipezera okha yankho, ndipo yankho lake mukulidziwa. Uzani mwini nyumba ndi oyandikana nawo kuti ndinu gulu lokambirana ndi kuthandizana, mwana wa aneba akabwera kudzasuzumira mupatseni mpando. Zithunzi musajambule pokhapokha aliyense wavomera.

Gulu silifuna anthu ambiri. Asanu kapena asanu ndi atatu akwana. Sankhani tsiku losasinthasintha, monga Loweruka loyamba la mwezi, maola awiri, malo ofikika ndi minibasi imodzi, ndipo sonkhani kuti wochokera kutali abwezeredwe thiransipoti. Chimene chimapha magulu otere n'chodziwika. Miyezi yoyamba aliyense amabwera ndi mkwiyo wake, ndipo n'koyenera kuti autulutse. Koma gulu likangokhala la kuseka abusa ndi kutumizirana zithunzi zonyoza, pakatha chaka limatsala ndi anthu atatu olongolola. Chachiwiri ndi Chingerezi. Zokambirana zikakhala za mabuku akunja m'chilankhulo chakunja, kalipentala ndi mayi wogulitsa tomato amabwera kamodzi osabweranso, ndipo anthu amatsimikiza kuti kusapembedza ndi matenda a ophunzira. Kambiranani m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, pa nkhani za pakhomo: mwana akafunsa za imfa umamuyankha chiyani, agogo akunenedwa ufiti tiwateteza bwanji, wodwala wauzidwa kuti asiye mankhwala tichita chiyani. Chachitatu, ndipo ichi tikuchinena molimba, ndi mmene amuna amachitira ndi akazi. Mkazi akasiya mpingo amataya zambiri kuposa mwamuna: amatchedwa hule, amataya anzake a kubanki m'khonde, mwina ana amalandidwa ndi apongozi. Akalimba mtima n'kulowa gulu, usiku womwewo amuna anayi n'kumulembera kumbali zomufunsira, sadzabweranso. Wochita zimenezi achenjezedwe kamodzi, kachiwiri achotsedwe, ndipo pa oyang'anira pakhale mkazi.

Kukumana ngati abwenzi sikufuna chilolezo cha boma. Kulembetsa kumafunika pamene mukufuna akaunti ya ku banki m'dzina la gulu kapena kulandira thandizo, ndipo kumayambira kwa Registrar General, kenaka ku NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwe omwe si a boma, ngati mukugwira ntchito ngati bungwe lomwe si la boma. Musathamangire. Ku Kenya gulu la Atheists in Kenya Society lidalembetsedwa mu Febuluwale 2016, boma n'kuliimitsa patangopita miyezi yochepa atsogoleri a mipingo atadandaula, ndipo zidatengera khoti lalikulu mu 2018 kuti chiletsocho chichoke. Kulembetsa kumaika mayina a atsogoleri poyera, choncho asayine okhawo amene adadziulula kale. Mukafuna msonkhano wa pabwalo kapena kuyenda pamsewu, lamulo la apolisi limafuna kuti DC adziwitsidwe kusanatsale maola 48.

Chimene gulu liyenera kuyamba mwezi woyamba, lisanaganize za dzina kapena malaya olembedwa, ndi thumba la zovuta. Anthu khumi akamasonkha K5,000 pamwezi, pakutha pa chaka ali ndi K600,000. Si ndalama yoikira maliro onse, koma imagula thumba la ufa, shuga, nkhuni, n'kuthandiza pa bokosi kapena galimoto yochokera ku nyumba ya chisoni. Malamulo ake alembedwe ndalama isanayambe kulowa: ndani akuthandizidwa, kaya membala yekha kaya ndi mkazi, mwamuna, ana ndi makolo ake, ndalama zingati pa maliro, zingati pa matenda ogonekedwa, watsopano adikire miyezi itatu asanayambe kulandira, wolumpha miyezi itatu osasonkha achita bwanji. Wosunga ndalama ndi wolemba buku akhale anthu awiri osiyana, osati banja limodzi, ndipo buku liziwerengedwa mokweza pamsonkhano uliwonse. Thumba limeneli lisabwerekedwe pa bizinesi. Magulu ambiri amathera pomwepo: membala abwereka kuti akaode katundu, maliro agwa sabata yomweyo, thumba lili gwa.

Za maliro anu enieni konzani muli moyo. Lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limafuna kuti wilo ilembedwe n'kusayinidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene mwawagawira chuma. Koma wilo kawirikawiri imatsegulidwa munthu ataikidwa kale, choncho zofuna zanu za mwambo wa maliro zilembedwe papepala lapadera. Lina mupatse mkazi kapena mwamuna wanu, lina mwini mbumba, lina anzanu awiri a pagulu, ndipo muwawerengere muli moyo kuti pasadzakhale wonena kuti anzanuwo apeka. Dziwani kuti manda a kumudzi ali m'manja mwa amfumu, ambiri a m'tauni ali m'manja mwa khonsolo, ndipo okumba ndi adzukulu a m'mudzi, osati mpingo. Adzukulu safunsa khadi la ubatizo. Amafunsa ngati malemuyo ankabwera pamaliro a anzake. Maliro n'kulirana.

Mwambo wopanda mpingo umatheka ndipo suchititsa manyazi ukakonzedwa. Amfumu amatsegula monga mwa nthawi zonse. Wa kubanja amanena mbiri ya malemu ndi mmene adadwalira. Wa kuntchito alankhula, mnzake mmodzi wa pagulu alankhula mphindi zisanu za munthuyo, zimene adachitira anthu, osati za kusapembedza. Chipepeso chilengezedwa, anthu aona nkhope, ulendo wa kumanda, kuyala nkhata, amfumu atseka. Pamene pamavuta ndi usiku. Siwa yopanda nyimbo imalemera, ndipo mayi wa malemu amamva ngati mwana wawo watayidwa ngati galu. Maganizo athu ndi akuti papepala paja musaletse abale kuimba ndi kupemphera. Inu simudzamva kanthu, otsalawo ndi amene adzafune chowatonthoza, ndipo nyimbo zimene amadziwa ndi za kumpingo. Pemphani zinthu ziwiri zokha: pasadzakhale wonama kuti mudalapa pomwalira, ndipo pasadzakhale wolalikira pa bokosi lanu kuti ndinu chitsanzo cha otayika, ana anu akumva. Anzanu a pagulu asadzakangane ndi banja pamaso pa anthu. Ngati pali chosemphana, akakambe ndi mwini mbumba kuseri, mwambo usanayambe.

Ndipo uthenga wa zovuta ukangofika, kaya wamwalira ndi membala kaya ndi amayi ake amene adali a Mvano moyo wawo wonse, a pagulu anyamuke ola lomwelo. Apite akapereke moni kwa amfumu ndi kwa mwini mbumba, atule ufa ndi nkhuni kwa amayi ophika, alembetse chipepeso m'dzina la anzake a woferedwa. Akazi alowe m'siwa atavala zitenje, akhale pamphasa ndi anzawo. Amuna agone panja pamoto ndi amuna a m'mudzi, m'mawa akathandize adzukulu, ndipo bokosi likamanyamuka aikepo phewa. Nyimbo ikayamba aime nawo, pemphero likayamba avule zipewa. Asachoke mpaka adzukulu atamaliza kukwirira ndipo amfumu atabalalitsa anthu.

Owerenga anu ena,
Lilongwe